Pinot noir kapena Chardonnay? Zimene tinapeza titatsegula mabotolo awiri ku Chelstone

Chilimba chathu si chogulira mapoto kapena feteleza. Tilipo anthu 6, ambiri kwathu ndi ku Chipata ndi ku Katete, ndipo mwezi uliwonse timasonkha kangachepe. Ndalama zikakwana timagula mabotolo awiri a vinyo amene munthu payekha sangayerekeze kugula, kenako timakhala pansi n'kulawa. Loweruka lina mu Julayi, kamphepo kozizira ka pa Lusaka kakulowa mpaka m'mafupa, tinakumana pakhonde pa alamu anga ku Chelstone. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Cape Town, ndipo m'sutikesi mwawo anatulutsamo mabotolo awiri, lililonse atalilowetsa m'sokosi n'kulikulunganso ndi chitenje. Anali Pinot noir, vinyo wofiira, ndi Chardonnay, vinyo woyera, a ku munda wa mphesa wa Hamilton Russell, otuluka kumene.

Munda umenewu ndimaukonda kuposa minda ina yonse ya mphesa ya ku South Africa, ndipo chifukwa chake n'chakuti eni ake sagwira zambiri nthawi imodzi. Tim Hamilton Russell anagula malowo mu 1975 m'chigwa cha Hemel-en-Aarde, kuseri kwa tauni ya Hermanus. Dzina la chigwachi m'Chiafrikaans limatanthauza kumwamba ndi dziko lapansi. Nthawi imeneyo vinyo wotchuka wa dzikolo ankachokera kumadera otentherapo monga Stellenbosch ndi Paarl, koma iye ankafuna malo ozizira, a kufupi ndi nyanja. Vinyo woyamba anatuluka mu 1981. Mwana wake Anthony atatenga utsogoleri mu 1991 anasiya mitundu ina yonse ya mphesa pa dzina la mundawo, n'kutsala ndi iwiri yokha. Chaka chilichonse pamatuluka Pinot noir mmodzi ndi Chardonnay mmodzi, basi. Palibe wa mabwana ndi wa anthu wamba. Ndiye ukalawa mabotolo awiriwa, walawa zonse zimene munda uja wabereka chaka chimenecho.

Chaka cholembedwa pa botolo ndi chaka chimene mphesa zinathyoledwa. Ku Cape amakolola kuyambira mu Januwale mpaka cha mu Malichi, nthawi imene ife kuno tikudya chimanga chachiwisi. Vinyoyo amakhala m'migolo miyezi ingapo yosakwana chaka, ndiye pamene akufika m'manja mwathu ngati "watsopano" amakhala atatha kale chaka kapena kuposerapo. Zaka sizifanana. Mu Januwale 2019 moto wolusa unabuka m'mapiri a m'derali, utsi unalowa m'mphesa za Pinot noir, ndipo chaka chimenecho anachita kugula mphesa kwa alimi ena n'kulemba pa botolo dzina la dera lalikulu, Walker Bay. N'chifukwa chake ife okonda munda umodzi timadikirira mabotolo atsopano ngati mmene mlimi amadikirira kuona ngala zoyamba.

Tinayamba ndi Chardonnay. Anachoka m'firiji ali wozizira kwambiri, ndipo nditanunkhiza sindinamve kanthu.

"Alamu, musafulumire," anatero alamu anga. "Ikani tambula pansi, tiyambe taotcha nsombazi."

Ananena zoona. Firiji ya kukhitchini imazizira mpaka madigiri 4 kapena 5, pomwe vinyo wotere amafuna madigiri 10 mpaka 12. Patatha mphindi 15 tambula ija inali itasintha. Mtundu wake unali wa udzu wouma wa mu Ogasiti, wobiriwira pang'ono m'mbali. Fungo loyamba linali la khungu la ndimu ukalikanda ndi chikhadabo, kenako pichesi losapsetsa, ndipo pansi pake panali kafungo ka mtedza wongochoka pa chiwaya. M'kamwa anali wowawasa mokoma, wolemera koma wosatopetsa, ndipo ndinameza kukoma kwake kukadali pa lilime kwa kanthawi ndithu, ndi kamchere pang'ono kumapeto.

Mtedzawo suchokera m'mphesa. Madzi a mphesa amawirira m'migolo ya mtengo wa oak ya ku France, ya malita 228, ndipo akatha kuwira amawasiya pa masese ake, mofanana ndi masese otsalira pansi pa mbiya ya mowa. Masesewo ndi mgolowo ndi amene amapatsa vinyo thupi ndi fungo lija. Pamachitikanso kusintha kwina: kuwawasa kwakuthwa, kofanana ndi kwa apulo losapsa, kumasanduka kofewa ngati kwa mkaka wosasa, uja timati mabisi. Wopanga akapyola muyezo pa zimenezi, vinyo amamveka batala ndi thabwa zokhazokha, ndipo ambiri amene amati sakonda Chardonnay anakumana ndi wotereyo. Uyu wa ku Hemel-en-Aarde amapulumuka chifukwa cha mphepo yochokera kunyanja, yomwe ili makilomita ochepa chabe kuchokera m'mundamo. Mphesa zimapsa pang'onopang'ono, kuwawasa kwake sikutha, ndiye mgolo sungathe kuphimba chipatso.

Pinot noir atathiridwa, mnzathu wina amene anazolowera vinyo wofiira wakuda bii, wa Cabernet kapena Shiraz, anakweza tambula kuloza kudzuwa n'kufunsa kuti, "Kodi anthuwa sanathiremo madzi?" Funsoli ndi labwino, ndipo ambiri amakhala nalo mumtima. Mtundu wa vinyo wofiira umachokera m'khungu la mphesa, ndipo Pinot noir ali ndi khungu lopyapyala. N'chifukwa chake ungathe kuona zala zako kudzera m'tambula. Khungu lomwelo ndi limene limachititsa kuti mphesazi zivute kulima: dzuwa likakula zimapserera, mvula ikagwa nthawi yokolola zimaola, chifukwa zimabereka mothithikana.

Fungo lake linandikumbutsa madzi ofiira a chidede, chimene kuno ambiri amati lumanda, pamodzi ndi maula akupsa. Patapita kanthawi panabwera fungo lina limene aliyense wa ife analizindikira nthawi yomweyo, la dothi louma mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala. Koma m'kamwa anali wouma mtima. Ankagwira nkhama ngati nthochi yosapsetsa, ndipo kukoma kwake kunali ngati munthu amene wafika pamudzi wachilendo, akuyankha moni yekha osanena zambiri. Dothi la m'mundamo ndi ladongo losakanikirana ndi miyala, ndipo Pinot noir wa pa dothi lotere amatuluka wolimba kuposa anzake ambiri. Tinamusiya m'matambula pafupifupi ola lathunthu ndipo anafewako. Kotsala pansi pa botolo alamu anakatsekera n'kukaika m'firiji, ndipo mawa lake ananditumizira uthenga kuti kanali kokoma kuposa dzulo.

Ndiye ngati ndalama zanu zikukwanira botolo limodzi lokha, ndipo mukufuna kumwa chaka chino, gulani Chardonnay. Sindikukayika pa zimenezi. Ndi wokonzeka kale, ndipo amasangalatsa ngakhale munthu amene sanalawepo vinyo wodula. Pinot noir watsopano ndi wa munthu amene angathe kudikira zaka zitatu, zisanu, kapena kuposerapo. Kumutsegula lero n'kofanana ndi kuthyola mango mu Okutobala: mudya ndithu, koma simudziwa chimene mtengowo ukanakupatsani mu Disembala. Chardonnay nayenso amasungika zaka zambiri, kungoti sakukakamizani kudikira.

Pa nkhani ya ndiwo, mabotolo awiriwa amapita njira zosiyana. Chardonnay anayenda bwino kwambiri ndi nsomba za ku Siavonga zimene tinaotcha pa makala, tangothira mchere ndi ndimu. Chimene sindinkayembekezera ndi chibwabwa chotendera chimene azakhali anabweretsa: nsinjiro zija zinakumana ndi kafungo ka mtedza ka m'vinyo, zonse ziwiri n'kukoma kuposa poyamba. Nkhuku ya kumudzi imayenda ndi onse awiri. Pinot noir amafuna nyama yosanona kwambiri, monga zinziri, nkhanga kapena bakha, koma mnzake weniweni ndi bowa. Nsima silimbana ndi vinyo aliyense. Zolimbana naye ndi tsabola ndi kapenta wouma. Tinayesa chikanda chothira tsabola wambiri ndipo Pinot uja anangosowa, m'kamwa munatsala moto wokha. Kapenta ndi vinyo wofiira zikakumana zimasiya kukoma kwa chitsulo, ngati wanyambita supuni yakale.

Koma kunena kuti "sungani Pinot noir zaka zisanu" n'kosavuta kwa munthu wokhala ku Hermanus. Pa Lusaka apa ndi pamene pagona nkhani. Vinyo amafuna malo a madigiri 12 mpaka 15, amdima, osasinthasintha. Mzinda wathu uli pamwamba, mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye Juni ndi Julayi alibe vuto. Koma mu Okutobala kutentha kumapyola madigiri 30, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa pamenepo. Kutentha kumakalambitsa vinyo msanga, ndipo Pinot noir, pokhala wopepuka, ndi amene amayamba kugonja.

Pali njira zitatu zosungira, ndipo iliyonse ili ndi pobisalira vuto. Firiji yapadera ya vinyo ndiye yabwino koposa, koma tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akuthima maola opitirira theka la tsiku. Firiji imene ikuzizira usiku n'kutentha masana imavulaza vinyo kuposa malo ofunda pang'ono koma osasintha. Amene ali ndi sola ndi mabatire ndiwo angaidalire. Firiji ya kukhitchini imathandiza kwa milungu kapena miyezi yochepa, makamaka kudutsa Okutobala ndi Novembala, koma kwa zaka imaumitsa chitsekero. Njira yachitatu ndi imene ambiri a ife tingakwanitse: chipinda cha pakati pa nyumba chimene khoma lake siliombedwa ndi dzuwa, botolo litagona chammbali m'katoni yake, pansi penipeni pa simenti. Mwanjira imeneyi ine ndingasunge botolo chaka chimodzi kapena ziwiri ndi mtima wokhazikika. Kupitirira apo ndiye kuyesa mwayi. Ngati nyumba yanu ilibe malo otere, chimenecho ndi chifukwa chinanso chosankhira Chardonnay n'kumumwa msanga.

Kutentha komweko n'kumene kuyenera kukutsogolerani posankha kumene botolo lichokere. Kugula m'sitolo za vinyo za muno, za m'misika ikuluikulu ya ku Manda Hill, East Park kapena ku Kabulonga, ndiyo njira yapafupi. Mumaliona botolo ndi maso, mumaligwira, ndipo msonkho unalipiridwa kale. Vuto lake ndi ulendo umene botololo layenda. Kuchokera ku Cape kufika kuno pamsewu ndi makilomita pafupifupi 3,000, ndipo thiraki ikaima masiku pa chipata cha Chirundu, m'chigwa cha Zambezi mmene Okutobala amafika madigiri 40, katundu wa m'katimo amaphikika. Zinandichitikirapo zaka zingapo zapitazo. Ndinagula Pinot noir wa munda wina m'sitolo ina muno, botolo limene linali litaimikidwa pafupi ndi zenera. Pofika kunyumba ndinaona kuti chitsekero chatukuka pang'ono, ndipo m'khosi mwa botolo munali kamzere komata ka vinyo wouma. Nditatsegula, mtundu unali utapita kofiirira ngati njerwa, fungo lili la jamu wopserera. Zinandiwawa, chifukwa ndinali nditasungira botololo tsiku lobadwa la mayi a kunyumba. Kuyambira pamenepo ndimapapasa chitsekero ndi chala, ndimayang'ana ngati vinyo watsika m'khosi, ndipo ndimapempha botolo la m'katoni ya kuseri m'malo mwa la pashelefu. Ndimafunsanso kuti katunduyo anafika mwezi uti. Wofika pakati pa Meyi ndi Ogasiti ndi amene ndimamukhulupirira. Dziwaninso kuti mabotolo otuluka kumene amachedwa kufika m'sitolo zathu, ndipo a minda ing'onoing'ono nthawi zina safika n'komwe.

Njira ya sutikesi, imene tinatsata ulendo uno, ndiyo yabwino kwa vinyo mwini wake. Botolo limachoka ku Cape m'mawa, madzulo lili pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, osaona dzuwa. Mtengo wakenso umatsika. Liyenera kulowa m'chikwama chachikulu, poti m'chikwama cha m'manja salola zamadzi zopitirira mamililita 100, ndipo mabotolo akachuluka pamakhala msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho la Zambia, umene muyenera kuuwerengera musananyamuke. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti imadalira ulendo wa munthu wina, komanso kukoma mtima kwake, chifukwa botolo lililonse limalemera kupitirira kilogalamu imodzi ndipo limadya malo a katundu wake. Musatume wachibale wokwera basi ya masiku awiri mu Okutobala.

Kupita nokha ndi nkhani ina. Hermanus ili makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town, ndipo msewu wa R320 umadutsa m'chigwa chonse, minda itandandana uku ndi uku. Tsiku limodzi mungalawe Pinot noir wa minda itatu kapena inayi, n'kumva ndi lilime lanu mmene dothi limasinthira kukoma. Mukapita pakati pa Julayi ndi Novembala mudzaonanso anamgumi m'mphepete mwa nyanja. Palibe njira ina yophunzitsa ngati imeneyi, koma palibenso yodula ngati iyo, ndipo si ya chaka chilichonse.

Kwa ambiri a ife, yotheka ndi chilimba. Botolo la mamililita 750 limapatsa anthu 6 tambula ya mamililita 125 aliyense, ndipo ngati cholinga n'kulawa chabe lingakwanire anthu 10. Mtengo ukagawidwa sumapweteka, ndipo palibe amene amaledzera. Koma phindu lalikulu si ndalama. Fungo la lumanda lija sindine ndinalitchula, anali azakhali, ndipo atangonena tonse tinalimva. Pawekha ukhoza kumaliza botolo lonse osapeza dzina la chimene ukumva. Lamulo lathu ndi limodzi: woyendetsa galimoto amalawa n'kulavula, apo ayi abwerere pa takisi.

Hamilton Russell ndi wodula, ndipo sindinganamize munthu kuti ndiye poyambira. Mtengo wa botolo limodzi ungagule mabotolo angapo a vinyo wabwinobwino. M'chigwa chomwecho muli ena oyenera kuwayerekeza naye. Woyandikana naye ndi Bouchard Finlayson, munda umene Peter Finlayson anayambitsa mu 1989 pamodzi ndi Paul Bouchard wa ku Burgundy, dera la mphesa la ku France. Finlayson ndi amene anali wopanga vinyo woyamba ku Hamilton Russell, ndiye minda iwiriyi ili ngati pachibale. Pinot noir wawo wa Galpin Peak ndi wolimbanso, wofuna kudikira. Pa Chardonnay ali ndi mwayi umene Hamilton Russell sapereka: Missionvale ndi wa mumgolo, Sans Barrique sanalowe mumgolo n'komwe. Kuika awiriwa pambali ndi pambali ndiyo njira yachidule yodziwira ngati inu mumakonda fungo la mtengo kapena ayi.

Kumtunda kwa chigwa kuli banja la Newton Johnson. Dothi lawo lambiri linachokera ku mwala wa granite, ndipo Pinot noir wawo amakhala wonunkhira, wofewa, wosavuta kumwa akadali wamng'ono. Kwa munthu wa pa Lusaka wopanda posungira, ine ndimaona kuti ameneyu ndi wanzeru kuposa Pinot noir wa munda umene ndimaukondawo, ndipo ali ndi wina wotsika mtengo wotchedwa Felicité. Kumtunda kwenikweni kuli munda wa Creation, ndipo ku Elgin, dera la maapulo, kuli munda wa Paul Cluver. Wofuna Chardonnay wa tsiku lililonse ayang'ane De Wetshof wa ku Robertson, makamaka Limestone Hill, amene salowa mumgolo ndipo mtengo wake ndi wofikirika.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu pashelefu. Pinotage si Pinot noir. Ndi mtundu umene Abraham Perold anapanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot noir ndi mtundu wina wa mphesa wotchedwa Cinsaut, ndipo vinyo wake ndi wakuda, wolemera, wosiyana kutali ndi kholo lake. Chinanso ndi botolo lotchuka la Haute Cabrière la ku Franschhoek lolembedwa "Chardonnay Pinot Noir". Ameneyo ndi vinyo mmodzi wosakaniza mphesa ziwirizo, wotuwa mofiirira pang'ono, wokoma pa tsiku lotentha, koma sangakuuzeni mmene Pinot noir wofiira amakomera. Mphesa ziwirizi ndi zapachibale ndithu: ofufuza anapeza mu 1999 kuti Chardonnay ndi mwana wa Pinot ndi mtundu wina wakale wotchedwa Gouais blanc. Kwawo kwenikweni ndi ku Burgundy ku France, koma wa kumeneko wabwino mtengo wake ndi woopsa, ndipo wayenda ulendo wautali kuposa wa ku Cape. Pa botolo la ku South Africa yang'anani kachidindo ka pakhosi. Kamatsimikizira kuti mphesa zonse zinachokeradi kudera lolembedwalo, malinga ndi malamulo amene dzikolo linakhazikitsa mu 1973.

Dzuwa litapendeka, makala atazirala, tinawerenga ndalama zotsala m'chilimba. Anayi ankafuna Chardonnay wina, awiri tinkafuna kupatsa Pinot noir uja mpata wachiwiri. Azakhali ndi amene anadula mlandu.

"Ana inu, vinyo wofiirayu mwamuweruza wopanda ndiwo yake," anatero. "Mugule wina. Kuchipinda kwanga kwa pakati sikulowa dzuwa, ndikakusungirani pansi pa bedi."

Alamu akupitanso ku Cape mu Ogasiti, kusanayambe kutentha. Botolo lidzagona kwa azakhali, Okutobala ndi Novembala lidzakhala m'firiji, ndipo tapangana kuti tsiku limene mmodzi wa ife adzaone amayi atayala bowa wa tente m'mbali mwa Great East Road, adzagule beseni lonse n'kuimbira enafe foni.